Utsi wa Sitima M'chipinda cha Mbewu

Linali Loweruka lomaliza la mwezi wa Agosto chaka chathachi, nthawi ili 14 ora, 2 koloko masana, pamene mudzi wonse unadziwa zimene ndinkachita ndikadzitsekera m'chipinda cha mbewu. Nthawiyi ndikuikumbukira chifukwa ndinali nditangoyang'ana pa telefoni, ndi kudziuza kuti mpata udakalipo apongozi aakazi asanabwere kuchokera ku mishoni ya Fonte Boa. Mpatawo panalibe.

Ine ndine munthu wamanyazi. Sindikunena modzitama, ndi matenda ndithu. Tsiku la ukwati wanga wansembe anachita kundifunsa kawiri chifukwa "inde" wanga anathera m'khosi. Kuno kwa amuna anga, kumene ndinabwera kudzakhala chitengwa, matendawa ankandipatsa mbiri yabwino. Amayi a kumadzi ankati make Tonito ndi mkazi wofatsa, sumumva n'komwe. Apongozi aamuna anali asanamvepo mawu anga bwinobwino, poti mwambo wathu ndi woti ndikawaona akubwera ndipatuke, ndigwade, nkhope ndilozetse kumbali. Iwonso akafuna kundiuza kanthu amadzera mwa akazi awo, ngakhale ine ndili pomwepo. (Mwambo umenewu ena amadandaula nawo. Ine unkandikwana ngati nsapato.)

Sitimayo, yoseweretsa ana, anabwera nayo ndi bambo a Tonito. Anaipeza pamsika wa ku Ulongwe, kwa aja ogulitsa kalamidadi, katundu wa kaunjika, ili m'pepala la pulasitiki pakati pa zidole zopanda mikono. Munali mutu wake wakuda, tingolo titatu, ndi tizidutswa ta njanji. Iwo ankaitchula kuti komboyo, ndipo anandiuza monyadira kuti mwana wawo akula akudziwa zinthu. Anaika mapilya, mabatire aja, nadina kabatani, chinthucho chinayamba kuyenda pansi chikulira kwetche kwetche. Tonito, amene anali ndi zaka ziwiri, anakuwa ngati walumidwa ndi linthumbu n'kudzalowa m'chitenje changa. Tinayesanso mawa lake, zinali zomwezo. Bambo ake anakhumudwa, anaponya pepalalo pamwamba pa khoma, ndipo patapita masiku ochepa anakwera galimoto ya mbatatesi kupita ku Tete, kumene amakhalitsa mpaka katundu athe.

M'masiku omwewo apongozi aakazi anandiitana n'kundipatsa mfungulo wa chipinda cha mbewu. Kamenaka ndi kanyumba kaudzu kuseri kwa nkhokwe, kozizira bwino, kamene amayalamo mbatatesi yambewu kuti itulutse mphukira isanapite kudimba. Yofiira inali mbali yake, yoyera mbali yake. Anandiuza kuti ndizichotsa yowola, ndiziyang'ana makoswe, ndipo koposa zonse ndisamaigwiregwire chifukwa mphukira sizichedwa kuthothoka. Kenako ananena mawu amene anandisowetsa tulo chifukwa cha chimwemwe. Anati mbewuyo ikafika bwino nthawi yobzala, adzandidulira ndime yangayanga kudimba, yoti zokolola zake ndizidzalamula ndekha. Mtengwa amatha zaka akudikira mawu amenewo.

Ndiye muone mmene satana amalowera. Tsiku lina Tonito ali mtulo, ndinatsitsa pepala lija kuti ndingopukuta fumbi. Ndikupukuta ndinaona kuti kachidutswa kalikonse ka njanji kali ndi dzino mbali ina, kamwa mbali ina. Ndinalowetsa dzino m'kamwa, zinagwirana kuti khethe. Ndinalumikiza china, chinanso, mpaka njanji inayamba kupinda yokha ngati ikudziwa kumene ikupita. Sikola ndinalekezera kalasi yachinayi, ndipo sindikumbuka kuti ndinakhozapo kanthu mpaka mtima kugunda chotero. Koma poti zinali za kalamidadi, kachidutswa kamodzi kanasowa. Sitima inkayenda bwinobwino, ikafika pampatapo n'kugwa chagada, mawilo akupalasa m'mwamba ngati chikumbu.

Munthu wanzeru akanabweza zonse m'pepala. Ine ndinapita kudambo kukatapa dothi loumbira. Ndinaliumba lathyathyathya, ndinadindapo kachidutswa kenikeni kuti mizere ituluke, ndinakonza ndi kamtengo, n'kuumika pamthunzi kuti lisang'ambike. Loyamba linali lokwera kwambiri, sitima inagunda n'kuima. Lachiwiri linali loterera, mawilo ankangozungulira pamodzimodzi, mpaka ndinaganiza zosakaniza ndi kamchenga. Lachitatu sitima inadutsa. Inazungulira n'kudutsanso. Ndinavina ndekha m'nyumba, kukamwa nditatseka ndi dzanja, ndipo Tonito anadzuka, naona chilombo chake chikuyenda, n'kuyambanso kukuwa.

Apa m'pamene ndinakumbukira kuti ndili ndi mfungulo. M'chipinda cha mbewu munali pansi posalala, munalibe mwana wamantha, ndipo munthu sakanalowa osagogoda. Tonito ndinkamusiya akusewera ndi ana a aNangozo, oyandikana nafe nyumba. Tsiku loyamba ndinangosuntha mbatatesi pang'ono pakati, mosamala, imodziimodzi ngati mazira. Ndinalumbira kuti ndi pokhapo.

Koma mukadziwa kuumba njanji, bwalo laling'ono limayamba kukunyansani. Ndinaumba zidutswa zina zowongoka, zina zokhota. Njanji inakula, mbatatesi inasunthanso. Mapilya atatha ndinagulitsa mazira a nkhuku yanga n'kukagula ena kubaraka, kakagolosale ka pamudzi, ndipo mwini baraka atandifunsa ngati tagula wailesi ndinangoyang'ana zala za kumapazi. Mbatatesi imene ndinkasuntha ija inasowa kopita, ndiye ndinayamba kuiunjika. Nditaunjika ndinabwerera m'mbuyo, ndinapendeketsa mutu, ndipo ndinaona kuti mulu wa yofiira wafanana ndi phiri la Domwe. Abale anga, unafanana ndithu. Ndinangowonjezera pang'ono mbali ya kumanzere kuti nsonga ikhale bwino.

Phiri likakhalapo, sitima iyenera kulowa pansi pake. Zimenezi ndinaziona pa telefoni ya bambo a Tonito (sitima yeniyeni sindinaionepo ndi maso, ndisakunamizeni). Ndinatenga chidebe chakale chobooka pansi, ndinachigoneka, njanji ndinaidutsitsa m'kati, pamwamba n'kukwirira ndi mbatatesi. Yoyera ndinaimanga phiri lina cha kukhomo. Timbatatesi ting'onoting'ono ndinatisandutsa anthu apaulendo, titatu pangolo iliyonse, ndipo kena konenepa kanali mayi wa geni wopita ku Tete amene nthawi zonse ankagwa pokhota.

Mphukira zinkathothoka, inde. Ndinkaziona zili mbuu pansi, zoyera ngati mano a mwana. Ndinkazisesera pakona n'kudziuza kuti mbatatesi ili ndi maso ambiri, iphukanso. Choipa kwambiri n'chakuti apongozi aakazi anayamba kunditama. Ndinawamva akuuza aNangozo kuti mtengwa wawo amakhala ndi mbewu ngati namwino ndi wodwala, akalowa m'mawa amatuluka maondo ali mbuu. ANangozo anati atsikana a masiku ano otere ndi osowa. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe ndi dothi la njanji m'manja.

China chimene ndiyenera kuulula ndi mawu. Poyamba ndinkangoyang'ana mwakachetechete. Kenako ndinayamba kunong'ona ngati kobradoro wa chapa, uja woitanira anthu m'minibasi. Sitima ikafika paphiri lofiira ndinkati, "Domwe, otsika Domwe." Ikafika pakhomo, "Ulongwe, mayi sunthani mwendo." Tsiku ndi tsiku mawu ankakwera osandiuza. Ine amene ndimalephera kufunsa mtengo wa tomato pamsika, m'chipindamo ndinkakalipira mbatatesi kuti ilipire isanakwere.

Chinatsala chimodzi. Pamutu pa sitimayo panali kachumuni, koma sikankatulutsa kanthu. Nkhani imeneyi inandivuta sabata yathunthu. Ndikusinja, ndikuchapa, ndili m'tchalitchi (Mulungu andikhululukire), maganizo anali pa utsi. Makala ndinawakana chifukwa akanasungunula pulasitiki. Ndiye ndinakumbukira ndowe youma ya ng'ombe, imene siyaka lawi koma imangofuka pang'onopang'ono. Khola la apongozi lili pafupi. Ndinadzitcha wochenjera.

Loweruka lija zonse zinandiyendera. Apongozi aakazi anali atapita kumsonkhano wa amayi ku Fonte Boa, apongozi aamuna anali kumunsi ndi ng'ombe, Tonito anali kwa aNangozo. Ndinalowa ndi ndowe m'chitenje ndi khala limodzi paphale, n'kupiringidza chitseko ndi mtengo. Kachidutswa koyamba ka ndowe ndinakaika m'chitsekerero cha botolo, n'kumangirira ndi waya pangolo yoyamba. Kanafuka, koma utsi wake unali wochepa ngati wa ndudu ya munthu wosauka. Ndinaganiza kuti ndikaika phale lonse m'mbali mwa chidebe, pansi pa phiri, utsi udzadzazana m'menemo ndipo sitima idzatuluka nawo. Ndinatero. Ndinagona chafufumimba, chibwano pansi, kuti ndione ngati mmene amaonera munthu woima m'mbali mwa njanji.

Inatuluka. Mutu wakuda uja unaboola utsi, tingolo tikutsatira, utsi ukukokeka pambuyo ngati nsalu ya mkwatibwi. Ndinamenyetsa mapazi pansi. Ndinawonjezera ndowe paphale. Ndinayatsa ina ku Ulongwe, poti tauni iyenera kukhala ndi utsi, inanso ku Tete. Chimene sindinaganize n'chakuti utsi umakwera. Pansi pamene ndinagona mpweya unali wabwino, koma pamwamba panali patadzaza, ndipo unali ukutuluka m'udzu wa denga mbali zonse. Mwezi wa Agosto, mphepo ikuwomba, udzu uli gwaa, nkhokwe ili pafupi. Aliyense wa kuno akudziwa zimene anthu amachita akaona zotero.

Phokoso lakunja ndinalimva, koma ndinkayesa ana akuthamangitsa nkhuku. Ndinali pakati pokuwa kuti, "Tete, Tete, malo alipo awiri," pamene chitseko chinagwa ndi mtengo wake womwe. Chinayamba kulowa ndi madzi. Chidebe choyamba chinandipeza pamsana, chachiwiri chinagwetsa phiri loyera, chachitatu chinali cha madzi otsukira mbale, ndipo ndinachidziwa chifukwa cha fungo. Wina ankaitana dzina la mwana wanga, wina ankati akokeni miyendo. Utsi utayamba kutuluka pakhomo ndinaona nsapato za jombo zili pafupi ndi mphuno yanga. Jombo zimenezo pamudzi pano ali nazo ndi munthu mmodzi.

Thupi limadziwa mwambo ngakhale mutu utasokonezeka. Sindikudziwa kuti ndinadzuka bwanji, ndinangopezeka ndagwada pakona, nkhope kukhoma, manja pamaondo, madzi akuchucha m'makutu. Anthu anasiya kukuwa mmodzimmodzi poona kuti lawi palibe. Kunangoti zii. Ndipo m'kachetechete ameneyo munamveka kwetche kwetche kwetche. Sitima inali itabisala m'chidebe nthawi ya chigumula, tsopano inatuluka bwinobwino, kachitsekerero kake kakufukabe, mayi wa geni ali m'ngolo.

Apongozi aamuna, pothyola chitseko, anali atalumphira m'kati mwa bwalo la njanji. Ndiye sitima inayamba kuwazungulira. Ndinkaona ndi ngodya ya diso jombo zija zikutembenuka pang'onopang'ono kuitsatira. Pakhomo panali mitu yokhayokha, ndipo pakati pake panali duku la apongozi aakazi, amene anali atangofika, kolona ili m'khosi. Palibe amene ankadziwa kuimitsa chinthucho koma ine, ndipo ine sindikanatha kutembenuka n'kukwawira kumapazi a apongozi. Ndinadikira kuti ifike mbali yanga, n'kuponya dzanja kumbuyo osayang'ana. Ndinagwira mbatatesi. Inazunguliranso, ndinaponyanso dzanja, ndinagwira matope amene anali njanji yanga. Wina pakhomo anayamba kutsokomola kutsokomola kosakhala kwa utsi.

Pamapeto pake njanji yadothi inasungunuka, sitima inaphonya njira n'kukagunda jombo. Apongozi anawerama n'kuitola. Mawilo anapitiriza kupalasa m'manja mwawo. Anaitembenuza uku ndi uku, anaigwedeza, anaiuzira ngati nyali. Kenako anayeretsa kukhosi n'kulankhula ndi akazi awo, mwaulemu wonse, ngati tili pabwalo la milandu.

"Tamufunsani mwana wanuyu kuti chimenechi amachizimitsa pati."

"Wamva, make Tonito," anatero apongozi aakazi.

"Kunsi kwake, amayi," ndinayankha ndikuyang'ana khoma. "Kuli kabatani kofiira."

"Akuti kunsi kuli kabatani."

"Ndamva," anatero apongozi aamuna, ndipo kwetche kwetche uja analeka.

Ndinene zoona, pa nthawi imeneyo chimene chinkandipweteka kwambiri si manyazi. Inali njanji yanga, ya masabata atatu, imene inali itasanduka phala pansi. Manyazi anabwera pambuyo pake, ndipo anabwera ndi abale awo.

Mbewu yonyowa siigona m'nyumba, imawola. Ndiye anthu onse amene anabwera kudzazimitsa moto anasanduka onyamula mbatatesi, kuitulutsa ndi malichero n'kuiyala pabwalo kuti iume dzuwa lisanalowe. Ntchitoyo inayenda msanga chifukwa aliyense ankafuna kulowa kuti aone. ANangozo ankafotokozera aliyense wobwera mochedwa kuti iwo atamva mawu m'katimo anaganiza kuti utsi wandizunguza mutu, poti munthu amene akupsa saitanira anthu ku Tete. Anati zaka zitatu takhala moyandikana, sankadziwa kuti ndili ndi mawu otha kudzaza chapa. Mayi wina anandifunsa mwaulemu ngati ya ku Domwe yanyamuka kale. Ine ndinkangotola mbatatesi, maso pansi, chitenje chikumata m'miyendo. Tonito yekha ndiye anasangalala, chifukwa anaona chilombo chija chikulowa m'nyumba ya agogo ake chili m'thumba la jekete.

Apongozi aakazi sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anavula duku la kutchalitchi, anakhala pansi pakati pa bwalo, n'kuyamba kutola mbatatesi imodziimodzi. Ya mphukira zake ankaika kudzanja lamanja. Yometeka ankaika kumanzere. Anthu anabalalika, ine ndinatsala nditagwada chapatali, ndikuyang'ana mulu wa kumanzere ukukula. Ndinkawerengera mumtima kuti ndime yapita, ndipo mwina akatumiza mawu kwathu kuti adzanditenge akandilangenso. Atamaliza anatambasula dzanja. Ndinamasula mfungulo pa ngodya ya chitenje n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Phiri lija linali la Domwe?" anafunsa.

"Inde, amayi."

"Ndinaiona nsonga yake lisanagwe." Anapukuta manja. "Ndime ndinalonjeza, ndipo ine sindibweza mawu. Uli nayo, ya kumapeto kwa mtsinje. Koma mbewu yako ndi iyi." Analoza mulu wa kumanzere. "Unaimeta wekha. Ukaipemphe wekha kuti imere."

Ndinawomba m'manja kuthokoza, chifukwa panalibe china choti ndichite. Mbatatesi yothothoka mphukira imamera mochedwa, ina simera n'komwe, ndipo ndime ya kumapeto kwa mtsinje ili m'mbali mwa njira imene mudzi wonse umadutsa. Kutanthauza kuti mpata uliwonse wopanda mbewu m'mizere yanga udzakhala ukuwerengedwa ndi aliyense wopita kudimba. Apongozi anga ndi munthu wa Mulungu, koma amadziwa kulanga.

Phunziro ndinalitenga, ndipo ndikhoza kulipereka kwa mtengwa aliyense: chimene wapatsidwa kuti usunge usamangire phiri, ndipo ndowe ndi ya kumunda. Ndinagona ndikubwereza zimenezi.

M'mawa mwake, Lamulungu, nditachoka ku Misa yoyamba kumene ndinakhala kumbuyo kwenikweni, ndinabereka Tonito, ndinatenga khasu, n'kupita kukaona ndime yanga. Sindinafune kulima tsiku lopuma, ndinkangofuna kulemba mizere ndi khasu kuti Lolemba ndisachedwe. Woyamba unawongoka bwino. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu ndinali ndikuganiza zina, ndipo nditadzutsa mutu ndinapeza kuti wakhota pang'onopang'ono, wazungulira chulu chimene chili pakona, n'kubwerera kudzakumana ndi woyamba. Ndinaima ndikuuyang'ana. Kukhota kwake kunali kwabwino kwambiri, kosathina, koti ngakhale mayi wa geni sakanagwa. Ndinayang'ana kunjira, kunalibe munthu. Ndinausiya choncho, n'kuyamba wachinayi m'mbali mwake.